Makatuni a Chingerezi omwe si a Disney: tiyambire pati?

Funso: "Ndili ndi ana atatu, wa zaka 5, wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Makatuni a Disney, Pixar ndi DreamWorks awaonera mpaka aloweza mawu ake pamtima. Ndikufuna ena a m'Chingerezi, oti aziwathandizanso kumva chilankhulocho, koma ndikafufuza pa intaneti ndimangokumana ndi omwewo. Kodi alipo abwino opangidwa ndi makampani ang'onoang'ono? Nanga ndingadziwe bwanji oyenera msinkhu wa mwana aliyense?"

Alipo mayi, ndipo ena mwa iwo amaposa a makampani akuluakuluwo. Koma ndiyambe ndi chenjezo, poti apa ndi pomwe makolo ambiri amapunthwa. Kampani yaikulu ikamapanga filimu imafuna kuti banja lonse, kuyambira wa ku mkaka mpaka agogo, lilipire n'kuonera limodzi, ndiye imasalaza chilichonse chomwe chingaopse mwana kapena kumuliza kwambiri. Masitudiyo ang'onoang'ono sasalaza chotero. Imfa amaitchula kuti imfa, choopsa chimaopsadi. Ubwino wawo wagona pomwepo, komanso n'chifukwa chake simungakhazike ana atatuwo pamphasa imodzi n'kuwaikira filimu iliyonse poti ndi ya katuni. Musasankhe poona chikuto. Dziwani situdiyo yomwe yapanga, kenako muyese ndi msinkhu wa mwana.

Kudziwa situdiyo kumafuna diso pang'ono. Dzina lalikulu lomwe limayamba kuoneka filimu ikamayamba nthawi zambiri ndi la kampani yogulitsa, osati yopanga. Chicken Run ya mu 2000 imaonetsa dzina la DreamWorks, koma nkhuku zonsezo zinaumbidwa ndi kujambulidwa ku Bristol ndi a Aardman. Pofufuza pa intaneti, lembani dzina la situdiyo m'malo molemba kuti "makatuni abwino". Mayina oyambira ndi anayi: Aardman, Cartoon Saloon, Laika ndi Triggerfish.

Wa zaka 5 muyambitseni ndi Aardman. Anthu awa kawirikawiri sajambula pa kompyuta ngati Pixar. Amaumba zidole ndi dongo la mafuta losauma, m'kati mwake muli mafupa a chitsulo okhala ndi mfundo zopindika. Wojambula amasuntha chidole pang'ono, n'kutola chithunzi, n'kusunthanso, n'kutolanso. Filimu imathamanga zithunzi 24 pa sekondi, koma kawirikawiri kaimidwe kamodzi amakagwiritsa ntchito pa zithunzi ziwiri, ndiye kuti chidole chimasunthidwa ka 12 pa sekondi imodzi. Werengani nokha: mphindi 85 ndi masekondi 5,100, kutanthauza kusuntha koposa 61,000, ndipo pachithunzi chimodzi pakhoza kukhala zidole khumi. Wojambula waluso amatha tsiku lonse atapeza masekondi owerengeka chabe. Mukayang'anitsitsa nkhope ya Gromit, galu wa m'mafilimu awo a Wallace and Gromit, mudzaona zidindo za zala pa dongo, ndipo sazifufuta dala. Mukayang'ana nkhuku za mu Chicken Run mudzaona kuti pafupifupi iliyonse yavala kansalu kapena mkanda m'khosi: pamenepo ndi pomwe mutu umalumikizana ndi thupi, ndiye anabisapo.

Yoyamba ikhale Shaun the Sheep Movie ya mu 2015. Nkhosa zatopa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, zakonza zoti mlimi agone kuti zipumeko, koma zinthu zalakwika: mlimiyo wakathera mumzinda, wavulala m'mutu n'kuiwala kuti ndi ndani, ndipo manja ake ozolowera kumeta nkhosa am'pezetsa ntchito yometa anthu. Mulibe mawu olankhulidwa n'amodzi omwe, kungomveka kulira kwa nkhosa ndi kung'ung'udza kwa anthu. Mwina muti, nanga Chingerezi aphunzira bwanji? Imitsani filimu pakatha mphindi khumi zilizonse, mwana akufotokozereni zomwe zachitika, poyamba m'Chichewa, kenako ndi mawu a Chingerezi omwe akuwadziwa. Mwana yemwe waimva nkhani ndi maso amalimba mtima kuifotokoza. Ikatha imeneyo, pezani The Wrong Trousers ya mu 1993, ya theka la ola, yomwe inapata Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America. Kumapeto kwake Gromit ali pa kasitima ka zidole, akuyala njanji patsogolo pake uku sitimayo ikuthamanga, kuthamangitsa mbava yomwe imadzibisa ngati nkhuku povala golovesi yofiira kumutu. Kwa ine, palibe kuthamangitsana kwina m'makatuni komwe kunakonzedwa bwino kuposa kumeneku. Ndipo Gromit alibe pakamwa: zonse amanena ndi chipumi ndi makutu.

Za Chingerezi chenicheni pa msinkhu umenewu, mafilimu afupiafupi a Magic Light Pictures ndiwo mankhwala. The Gruffalo ya mu 2009, Stick Man ya mu 2015, The Snail and the Whale ya mu 2019, iliyonse siyikwana theka la ola, mawu ake ndi andakatulo, obwerezabwereza, olankhulidwa modekha. Mwana akaonera katatu amayamba kumaliza yekha mizere. Ziwiri zomalizazo zinajambulidwa ku Cape Town ndi a Triggerfish, omwe ndiwatchulanso.

Tsopano Cartoon Saloon, komwe mtima wanga uli. Ndi situdiyo ya m'tauni yaing'ono ya Kilkenny ku Ireland, yomwe Tomm Moore, Nora Twomey ndi Paul Young anaiyambitsa mu 1999. Amajambula ndi manja, ndipo safuna kukunamizani kuti zomwe mukuonazo ndi zenizeni. Chithunzi chawo ndi chafulati, chodzaza ndi mizere yozungulira ndi timaluwa, monga zokongoletsa za m'mabuku akale a kwawoko. Nkhani zawo zambiri ndi nthano za makolo awo. Mafilimu awo anayi oyamba onse anafika pa mndandanda wopikisana pa Oscar, chinthu chosaoneka kawirikawiri kwa situdiyo ya msinkhu umenewo.

Wa zaka 9 ayambe ndi Song of the Sea ya mu 2014. Ben amakhala pachilumba ndi bambo ake, omwe amayang'anira nsanja younikira zombo usiku. Mayi ake anasowa usiku womwe mlongo wake Saoirse anabadwa, ndipo Ben amamusungira mwanayo chakukhosi. Saoirse wafika zaka 6 osalankhula. Agogo awo akuwatenga kupita nawo ku Dublin, ndipo ulendo wobwerera kunyanja ndiwo thunthu la nkhani. Muli gogo wina wa maonekedwe a kadzidzi, Macha, yemwe amachotsa chisoni m'mitima ya anthu n'kuchitsekera m'mabotolo. Amachita izi poganiza kuti akuwathandiza, koma wochotsedwa chisoni amasanduka mwala. Tcherani khutu: yemwe akulankhula ngati Macha ndi yemwenso akulankhula ngati agogo a anawo, ndipo chimphona chomwe chinasanduka mwala chifukwa cha chisoni chili ndi mawu a bambo awo. Anachita dala. Nthanoyo ndi banja lomwelo loonedwa ndi maso a mwana. Ngati pakhomo panu pagwa maliro posachedwa, muyambe mwaionera nokha, ndipo poonetsa mwanayo mukhale naye pafupi. Imaliza, koma sikusiya munthu ali wosweka.

Wolfwalkers ya mu 2020 ndi yomwe wa zaka 9 ndi wa zaka 14 angaonere limodzi, aliyense n'kutolapo zake. Nkhani ili ku Kilkenny komweko m'chaka cha 1650, nthawi yomwe asilikali a ku England ankalamulira Ireland ndi dzanja lachitsulo. Robyn wabwera kuchokera ku England ndi bambo ake, mlenje yemwe walembedwa ntchito yotha mimbulu kuti nkhalango idulidwe pakhale minda. M'nkhalangomo akukumana ndi Mebh, mtsikana yemwe akagona mzimu wake umatuluka ngati mmbulu. Wamng'onoyo aona ubwenzi ndi kuthamangitsana. Wamkuluyo mufunseni za kajambulidwe. Tauni anaijambula ndi mizere yowongoka, yokhuthala, ya ngodya, ngati chidindo chosemedwa pa thabwa, ndipo nyumba ndi mipanda zimaoneka ngati khola. Nkhalango anaijambula ndi mizere ya pensulo yomasuka, ina yosafufutidwa n'komwe. Robyn akamazolowera nkhalango, mizere ya thupi lake lomwe imayamba kumasuka. Pomwe tikuona dziko ndi maso a mmbulu, anajambula papepala ndi makala ndi pensulo, fungo n'kumaoneka ngati utoto woyenda. Mwana wa sekondale yemwe akuphunzira za utsamunda sasowa chonena akaona bambo wabwinobwino akuchita zoipa chifukwa choopa bwana wake.

The Secret of Kells ya mu 2009 ndi yaifupi, mphindi 75, ya kamnyamata kothandiza amonke kumaliza buku lopatulika pomwe adani akuyandikira. Ndi yokongola koposa, koma nkhani yake imathamanga kumapeto, ndiye ibwere pambuyo pa ziwirizo. The Breadwinner ya mu 2017 ndi ya wamkulu yekha. Parvana, wa zaka 11, ali ku Kabul mu ulamuliro wa Taliban. Bambo ake amangidwa, ndipo poti mkazi saloledwa kuyenda yekha kapena kugula kumsika, iye akumeta tsitsi n'kuvala ngati mnyamata kuti banja lidye. Muli kumenyedwa kwa mayi ake, muli ndende, muli nkhondo. Ku America anaiika pa PG-13, chilembo chochenjeza kuti zina mwa zomwe zilimo si zoyenera ana osakwana zaka 13. Wa zaka 14 aionere, ndipo mukambirane ikatha.

Laika ili ku Hillsboro m'chigawo cha Oregon ku America. Nawonso amagwiritsa zidole, koma nkhope zake saumba ndi zala. Amazikonza pa kompyuta, n'kuzitulutsa ndi makina osindikiza zinthu zogwirika, zikwizikwi, iliyonse yosiyana pang'ono ndi inzake. Nkhope imakhala ya zigawo ziwiri, chakumaso ndi chakukamwa, kuti azitha kusakaniza, ndipo mzere wolumikizirawo amaufufuta pa kompyuta pambuyo pake. Zotsatira zake n'zosalala kwambiri moti ena sakhulupirira kuti ndi zidole. Mu Kubo and the Two Strings ya mu 2016 muli chigoba cha mafupa chomwe anachimangadi, chotalika pafupifupi mamita 5.

Koma Laika amakonda zoopsa, ndipo apa ndinene mosabisa. Coraline ya mu 2009 ku America ili pa PG, chilembo chongoti makolo atsogolere ana, chikuto chake chili ndi kamtsikana ka tsitsi la buluu, ndipo makolo ambiri amanyengeka nazo. Mtsikanayo akupeza kachitseko kopita ku nyumba ina yofanana ndi yawo, komwe kuli "mayi ena" okoma mtima, ophika bwino, koma m'malo mwa maso ali ndi mabatani. Kuti akhale komweko, nayenso ayenera kusokedwa mabatani m'maso. Ndi filimu yopangidwa mwaluso lapamwamba, koma wa zaka 5 asaione n'komwe, ndipo wa zaka 9 adikire chaka chimodzi kapena ziwiri pokhapokha ngati mukumudziwa kuti ndi wolimba mtima. Kubo ndi yofatsirapo, ngakhale imayamba ndi mwana wa diso limodzi akusamalira mayi wodwala, ndipo imakamba za imfa ya makolo mosapsatira. ParaNorman ya mu 2012 ndi ya mnyamata wolankhula ndi akufa komanso temberero la mtsikana yemwe anaphedwa pomunamizira ufiti. Mabanja ambiri kwathu kuno nkhani za ufiti ndi mizimu sazitenga mopepuka, ndiye ndi bwino mudziwiretu kuti mu ParaNorman, mu Coraline, mu Kubo, ngakhale mu Song of the Sea, zoterezi zilimo. Chiganizo ndi chanu. Ndingowonjezera kuti ParaNorman imaima kumbali ya mwana wonamiziridwayo, ndipo imaonetsa zomwe mantha a gulu amachita kwa wosalakwa. Kwa wa zaka 14 ndi nkhani yofunika kuimva.

Triggerfish ndi apafupi nafe, a ku Cape Town. Adventures in Zambezia ya mu 2012 ndi ya kamphamba kofuna kukaona mzinda wa mbalame womangidwa mu mlambe m'mphepete mwa mathithi a Victoria. Khumba ya mu 2013 ndi ya mbidzi yobadwa ndi mizere theka la thupi, yomwe anzake akuiloza chala kuti ndiyo yabweretsa chilala. Kunena zoona, nkhani zake zimatsata njira ya Hollywood, ndipo mawu ambiri ndi a akatswiri a ku America, ndiye musayembekezere kuya kwa Cartoon Saloon. Koma mwana kuona mlambe, mbidzi ndi dothi lofiira m'katuni si chinthu chaching'ono, Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo onse atatu angaonere limodzi. Situdiyo yomweyi inagwira nawo ntchito pa Supa Team 4, makatuni a magawomagawo omwe anayamba pa Netflix mu 2023. Anawayambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo atsikana anayi a m'nkhaniyo ali mu Lusaka wa m'tsogolo. Kalankhulidwe kake ana anu akamva ngati ka aneba.

Ya Khirisimasi, tengani Klaus ya mu 2019, yopangidwa ku Madrid ndi Sergio Pablos koma m'Chingerezi. Mwana wopusitsidwa ndi chuma watumizidwa kukagwira ntchito ya positi pachilumba chozizira cha anthu odana, ndipo sabwerera kwawo asanatumize makalata 6,000. Ndi yojambula ndi manja, koma anaiwalitsa ndi kuika mithunzi mwa njira yoti anthu ake amaoneka ngati ungawagwire.

Pali ziwiri zomwe ndikuzitchula kuti muzidziwe zikakupezani. Watership Down ya mu 1978 ili ndi akalulu pachikuto, ndipo ku Britain inakhala zaka zoposa 40 ili pa U, kutanthauza yoyenera aliyense, asanaikweze kufika pa PG. M'katimo akalulu amakodwa mu msampha, amang'ambana mpaka magazi, ena amafera m'una wotsekedwa. Ndi filimu yamphamvu, yoyenera wa zaka 14, osati enawo. Mary and Max ya mu 2009, ya Adam Elliot wa ku Australia, ndi ya zidole za dongo zooneka zoseketsa, koma imakamba za uchidakwa, matenda a maganizo ndi kufuna kudzipha. Imeneyo ndi yanu, ana atagona.

Zilembo za msinkhu zikuthandizeni koma zisakulamulireni. Ku Britain ndi U, PG, 12A ndi 15. Ku America ndi G, PG, PG-13 ndi R. Vuto lili pa PG, chifukwa ndi thumba lalikulu: Klaus ndi Coraline zonse zili momwemo. Tsamba la pa intaneti la BBFC, bungwe loika zilembozi ku Britain, limalemba mwachidule chomwe chili mu filimu iliyonse, kaya ndi zoopsa, ndewu kapena mawu oipa. Kuwerenga kumeneko kumatenga mphindi ziwiri. Kuonera kachidutswa kotsatsira filimu sikokwanira, chifukwa otsatsa amasankha malo oseketsa.

Pa nkhani ya Chingerezi, yembekezerani kuti sabata zoyamba ana adandaula kuti sakumva. Makutu awo anazolowera kalankhulidwe ka ku America. Wallace, mbuye wake wa Gromit, amalankhula Chingerezi cha kumpoto kwa England, a Cartoon Saloon cha ku Ireland, ndipo mu Chicken Run muli nkhuku ina ya ku Scotland yomwe ngakhale tambala wa mu filimu momwemo amavutika kuimva. Yatsani mawu olembedwa pansi, a Chingerezi, kwa awiri akuluakuluwo. Koyamba aonere osaimitsa kuti nkhani iwalowe. Kachiwiri ndi pomwe mungaime pa mawu achilendo, osapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi, apo ayi filimu isanduka phunziro ndipo adana nayo. Onetsetsaninso kuti yomwe mwapezayo ili ndi mawu ake enieni, chifukwa yomasuliridwa m'Chichewa imasangalatsa koma cholinga chanu chija sichikwaniritsidwa.

TV yomwe ikhoza kuwononga ntchito yonseyi. Ma TV ambiri atsopano amabwera atayatsidwa kale njira yosalazira mayendedwe, yomwe imapeka zithunzi zowonjezera pakati pa zenizeni. Pa mpira imathandiza. Pa zidole zosunthidwa ka 12 pa sekondi, TV imasokonezeka: manja amaoneka awiriawiri, m'mphepete mwa zidole mumachita ngati madzi. Pa LG imatchedwa TruMotion, pa Sony ndi Motionflow, pa Samsung ndi Auto Motion Plus kapena Picture Clarity. Izimitseni, kapena sankhani Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode ngati ilipo. Musakoke chithunzi kuti chidzaze sikirini yonse, chifukwa Wolfwalkers nthawi zina imagawa chithunzi patatu ndipo m'mbali mudzadulidwa. Coraline ndi Kubo zili ndi malo ambiri amdima, ndiye masana dzuwa likuwomba pa sikirini simuona kanthu. Tsekani makatani.

Za bando: pa Netflix, mlingo wotsikitsitsa umadya pafupifupi 0.3 GB pa ola, wapakati 0.7 GB, ndipo HD imatha kufika 3 GB. Filimu ya ola ndi theka pa mlingo wapakati ndi 1 GB ndi pang'ono. Mlingo wotsikitsitsa ndi wokwanira pa Shaun kapena Khumba, koma pa Cartoon Saloon umaphwanya mizere yopyapyala ija n'kukhala phala, ndiye pamenepo musaumire. Tsitsirani mu foni nthawi ya bando yotchipa m'malo moonera mwachindunji, chifukwa ana amabwereza, ndipo kubwereza kulikonse kwa pa intaneti ndi ndalama ina. Klaus ndi ya Netflix, Wolfwalkers inatulukira pa Apple TV+, koma zinazo zimasamukasamuka ndipo zimasiyana dziko ndi dziko, ndiye fufuzani dzina lenileni ndi chaka chake. Chaka n'chofunika chifukwa pali mafilimu otsanzira, opangidwa mothamanga, okhala ndi dzina ndi chikuto chofanana ndi otchuka.

Akaonera za Aardman, wa zaka 9 adzafuna kuyesa, ndipo mulekeni ayese, poti mwana woumba ng'ombe zadothi ali kale ndi theka la lusolo. Pamafunika foni, pulogalamu yaulere ngati Stop Motion Studio, tebulo ndi nyali imodzi. Ikani pulogalamuyo pa zithunzi 12 pa sekondi, kapena 8 poyambira. Masekondi 10 pa 12 ndi zithunzi 120, ntchito ya ola limodzi kapena kuposerapo. Foni imangiriridwe ndi mphira ku njerwa kapena ku mulu wa mabuku, chifukwa ikasuntha ngakhale pang'ono dziko lonse limanjenjemera. Ajambulire m'nyumba mawindo atatsekedwa, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumasintha mtambo ukadutsa ndipo filimu imaphethiraphethira. Akhome fokasi ndi kuwala pa kamera kuti foni isamasinthe yokha pa chithunzi chilichonse. Dongo la kudambo limauma n'kuyamba ming'alu lisanathe ola, makamaka pansi pa nyali yotentha, ndiye mugule dongo la mafuta la ana a sukulu, kapena ayambe ndi zinthu zolimba monga zitsekerero za mabotolo ndi galimoto za mawaya. Miyendo ya chidole ikhale yaifupi ndi yonenepa, m'kati muli waya wofewa wopotedwa pawiri, ndipo mapazi amamatizidwe patebulo. Kusuntha kulikonse kusapose theka la sentimita, ndipo chidole chikaima kuti chiganize kapena kudabwa, atole zithunzi zisanu ndi chimodzi osachikhudza, apo ayi woonera saona kuti chinaima.